INGANNO: KODI MDANI ALOLEDWA KUNYENGEDWA?

Ansembe a Montfort ocokera ku Italy, amene anatumikira zaka zambiri m'dziko la Mangochi pamodzi ndi Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa dayosiziyi kuyambira 1973, anadza ndi cinenero cimene cisiyanitsa zinthu ziwiri. Bodza akuti bugia, cinyengo akuti inganno. Bugia ikhala pakamwa. Inganno ikhoza kucitika munthu ali cete, monga Yudasi anapereka Mbuye wace ndi cizindikiro ca cibwenzi.

Mauwa ali ndi nchito zina zopepuka. Wosewera bawo podikira ngalawa, Ataliyana akuti alikunyenga nthawi, ingannare il tempo. Wophonya powerenga akuti wadzinyenga yekha, ingannarsi. Ali naonso mwambi wowawa, fatta la legge, trovato l'inganno, ndiko kuti lamulo likangoikidwa, njira yolizembera yapezeka kale. Koma msodzi wa kwa Makanjira amene ayatsa nyali usiku kuti usipa usonkhane pa khoka, nayenso anyenga, ndipo palibe womuimba mlandu. Nanga cinyengo ciyamba kuipa pati?

Dziko lomwelo la Makanjira lisunga mlandu umene uyankha funsoli. M'caka ca 1891 asilikali a Harry Johnston anathira nkhondo mudzi wa mfumu Makanjira, imene inkagulitsa akapolo kutsidya la nyanja. M'mwezi wa December Kaputeni Cecil Maguire anabwera pa sitima ya Domira kudzaononga zombo za mfumuyo. Anaphedwa, ndipo sitima inatitimira mumcenga. Pamenepo, monga alembera Angerezi, anthu a mfumu anaitanira mtendere, nalonjeza kupereka mtembo wa Maguire. Dotolo Boyce ndi McEwan, mmisiri wa makina a sitimayo, anakhulupirira, natsikira kumtunda. Onse awiri anaphedwa.

Wina akhoza kunena kuti mudzi unali utaombedwa ndi mizinga, ndipo wofooka alibe cida cina koma ucenjere, monga kalulu wa m'nthano. Mau amenewa si acabe ai. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anafa m'caka ca 1274, anabvomera kuti pankhondo yolungama munthu akhoza kubisalira mdani, pakuti palibe womangidwa kuululira mdani maganizo ace. Koma anakaniza kunena bodza kwa mdani kapena kuswa pangano lopangana naye. Wobisala pachire sanalonjeze kanthu, monganso msodzi sanapangane ndi usipa. Woitanira mtendere wapempha mnzace kuti atule mfuti cifukwa ca mau ace, ndipo mau omwewo awasandutsa nyambo. Apa ndipo inganno ifika pa tanthauzo lace lolemera, pakuti imagwira wokhulupirira yekha, wokayika imamphonya.

Boyce sanatsikire kumtunda kukamenya nkhondo: anapita kukatenga maliro, cinthu cimene Myao, Mnyanja ndi Mzungu onse acilemekeza. Ndipo amene anadzalipira si opangana ciwembu okha. Pamene Angerezi anabwerera ndi asilikali ambiri, namanga linga pagombe lomwelo, nalipatsa dzina lakuti Fort Maguire, munthu wa kwa Makanjira wofuna mtendere moona analibenso mau amene mdani akanawamvera.