Nkhawa Yokhalitsa Si Kuchepa kwa Chikhulupiriro

Nkhawa ikakhala mumtima miyezi yambiri, thupi silipumula. Tulo sitibwera, magazi amathamanga, timaiwalaiwala, timakalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo ena amadwala matenda ovutika maganizo. Mnzathu wotere tisamuuze kuti chikhulupiriro chake chachepa. Mu Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh akutilamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Choncho tiziwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo, tizipumula mokwanira, ndiponso tizikambirana mavuto athu momasuka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene wasiya kudya kapena akulankhula zodzipha, timperekeze kuchipatala lero lomwe.

Kodi ndani pakati pathu wangoti zii masiku ano? Sabata ino tikamuyendere.