Mlendo Ndani M'chipinda cha Makanda?

Mwana akabadwa pakati pa Achewa, uthenga umapita kwa abale kuti kwabwera mlendo. Mawuwa ndi aulemu, koma mkati mwake muli mantha, pakuti akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. N'chifukwa chake khanda limabindikira m'chikuta ndi mayi wake kufikira mchombo utagwa, ndipo dzina limadza pambuyo. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kutanthauza asanathe masabata 37 m'mimba, ndiye mlendo woopetsa koposa. Chipatala chamakono chitayamba kusamalira ana otere chinatembenuza mawuwa: mwana anakhazikika m'bokosi lagalasi lofunditsa, ndipo mayi ndiye anasanduka mlendo, wololedwa kulowa pa maola oikika kukasiya mkaka n'kutuluka. Funso ndi lakuti kodi kholo lili ndi malo otani pafupi ndi mwana wotere, ndipo amene waliitanira pamalopo ali ndi mangawa otani kwa ilo.

Funsoli limalemera kwambiri m'matauni amigodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Ku Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe ndi Redcliff kuli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kukakumba kromu, asibesitosi ndi golide kapena kukasungunula chitsulo. Kumudzi, chikuta chinali ndi eni ake: agogo, azamba ndi amayi ena a pabanja, amene ankaphika, kuchapa ndi kulangiza. M'komboni banja linachepa, ndipo zambiri zinali m'manja mwa kampani: nyumba, sukulu ndi chipatala. Ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zinazima mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie ku Zvishavane unafooka boma litaulanda mu 2004. Mabanja ambiri anatsala opanda mudzi komanso opanda kampani. Khanda lochepetsetsa likatumizidwa kuchokera ku Zvishavane kupita ku chipatala chachikulu cha Gweru, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, mayi wake amatalikirana ngakhale ndi abale ochepa amene anali nawo.

Amene ankatsekera makolo kunja sanali ankhanza. Ankaopa matenda olowa ndi manja osasamba, ndipo mwana wosakhwima amagwidwadi msanga. Komabe maganizo ena anabadwira m'kusowa. Mu 1978, ku Bogotá m'dziko la Colombia, dokotala Edgar Rey Sanabria ataona makanda akuchuluka kuposa mabokosi ofunditsa, anayamba kuwaika pachifuwa cha amayi awo, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi nsalu. Njirayi inatchedwa ya kangaru. Mwana wosakhwima alibe mafuta okwanira osunga kutentha, choncho thupi la mayi limamufunditsa, limathandiza kuti azipuma mwadongosolo, ndipo bere limakhala pafupi. Ku Zimbabwe, pa chipatala cha mishoni cha Manama m'boma la Gwanda, kum'mwera chakumadzulo kwa Midlands, Nils Bergman ndi Agneta Jürisoo anaigwiritsa ntchito popanda mabokosiwo. Lipoti lawo la 1994 linati mwa makanda olemera osafika magalamu 1,500, opulumuka anakwera kuchoka pa 10 kufika pa 50 mwa 100 alionse. Ku Malawi njirayi inayambira pa chipatala cha Zomba mu 1999.

Ena anaitcha mankhwala a amphawi, njira yongozembera kugula makina. Yankho linabwera mu 2021, pamene anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa bungwe la WHO wochitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, kuphatikizapo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makanda 3,211 olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika 1.8 anagawidwa pawiri. Mwa amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa, 12 pa 100 anamwalira m'masiku 28 oyamba. Mwa amene anayamba adikira m'bokosi kuti akhaleko bwino, anamwalira 15.7 pa 100. Makina ndi anamwino analipo mbali zonse ziwiri. Chimene chinasintha ndi malo a mayi: bedi lake linalowetsedwa m'chipinda cha makanda odwala. Mu 2022 bungwelo linalangiza kuti njirayi iziyamba mwana akangobadwa, kwa maola 8 mpaka 24 patsiku. Motero kuchotsa mayi pafupi ndi mwana wake n'kumana mwanayo chithandizo, ndipo amene ayenera kupereka chifukwa tsopano ndi wotseka chitseko.

Apa ndi pamene pamabisala msampha. Chifuwa cha mayi chimaoneka chaulere chifukwa palibe amachilipira, koma mtengo wake ulipo. Mayiyo wangochira kumene, mwina ali ndi bala la opaleshoni. Ana ena atsala kunyumba. Lamulo la ntchito la Zimbabwe limapatsa mayi wobereka tchuthi cha masiku 98, koma wogulitsa tomato pamsika wa Kwekwe, kapena wodalira mwamuna wokumba golide pamanja, alibe bwana womupatsa tchuthicho. Chichewa chimasiyanitsa kupatsa mayi mwana ndi kumusiyira mwana. Wopatsa amakhala pomwepo, womusiyira amasamba m'manja. Chipatala chosowa anamwino chingathe kutamanda chikondi cha amayi pamene kwenikweni chikuwasenzetsa ntchito imene chalephera kuigwira. Ndipo mwana akamwalira pachifuwa, mayi amene sanalangizidwe zizindikiro zoopsa amanyamula mlandu umene suli wake moyo wake wonse. Ngati thupi la mayi lili mbali ya chithandizo, ndiye kuti bedi lake, chakudya chake, posambira pake ndi tulo take ndi udindo wa chipatala, monga momwe magetsi a bokosi lofunditsa alili udindo wake.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo chifuwa chimodzi sichingafunditse mwana usana ndi usiku. Mu kafukufuku wa 2021 uja, amayi ankapemphedwa kusankha wowalandira. M'tauni yamgodi, kumene agogo ali kutali kapena kulibe, womulandira wapafupi nthawi zambiri ndi bambo wa mwanayo. Mwambo wa Chichewa unkamuika patali: mwamuna salowa m'chikuta, ndipo khanda, limene limaonedwa lozizira, linkatetezedwa kwa anthu otentha poopa mdulo. Cholinga cha mwambowo chinali moyo wa mwana, ndipo cholinga chomwecho lero chikupempha bambo kuvula malaya n'kulandira kamwana pachifuwa kuti mkazi wake agone. Amene akusunga cholinga cha makolo ndi amene walowa. Koma bambo wa shifiti ya usiku sangalowe ngati mgodi sumumasula. Malawi anaika m'lamulo tchuthi cha abambo cha masabata awiri mu 2021, ndipo malangizo a WHO a 2022 anati tchuthi cha makolo chiziganizira mwapadera amene abereka ana osakhwima. Makampani a pulatinamu ku Shurugwi ndi ku Zvishavane, amene amawerengera bwino ola lililonse la wantchito, angathenso kuwerengera maola amenewa.

Chotsiriza ndi mawu. Kholo logwira mwana koma losauzidwa kanthu lasanduka chiwiya chabe. Liyenera kumva chifukwa chimene mwana akudyetsedwera kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, chimene sikelo yanena m'mawa uno, ndi nthawi yoitana namwino, ndipo liyenera kumva m'chinenero chimene limaganizira. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazindikira Chichewa pakati pa zinenero 16 za dzikolo; agogo a m'komboni amene abwera kudzalandira mdzukulu ali ndi ufulu wofunsa ndi kuyankhidwa.

Chikuta chakale chinkadziwa zinthu ziwiri: khanda silisiyana ndi mayi wake, ndipo mayi sasiyidwa yekha. Chipatala chavomereza choyamba ndi umboni wa manambala, koma chachiwiri chikadali ngongole. M'chipinda cha makanda mlendo ndi mmodzi yekha, uja wolemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo mayi, bambo ndi namwino onse ndi eni nyumba omulandira kuti akhalitse n'kupatsidwa dzina.