CITSULO CA M'MATOPE

Mlimi wa ku Dowa kapena wa ku mapiri a Nchisi adziwa bwino mtengo wa ngolo yace, pakuti imsenzera cimanga ndi fodya, nimfikitsira wodwala ku cipatala. Nanga cinthu cimene sicingathe kugwira nchito iri yonse, mtengo wace ucokera kuti?

M'caka ca 1925 ku France anapanga galimoto yaliwiro yopanda denga, ya mtundu wa Bugatti Brescia. Galimotoyo inalowa m'dziko la Switzerland osailipirira msonkho wa pa malire. Posaoneka woulipira, m'zaka za m'ma 1930 anaimiza m'nyanja ya Maggiore, pafupi ndi mudzi wa Ascona. Inagona m'matope, mamita pafupifupi 50 pansi pa madzi, zaka zoposa 70, dzimbiri liri kuidya.

M'caka ca 2008 mnyamata wina wa m'bungwe la osambira pansi pa madzi anamenyedwa ndi anyamata ena atatu ku Locarno, namwalira. Anzace a m'bungwemo sanafune kubwezera. Pa 12 July 2009 anavuula galimoto ija, kuti ndalama zace zithandize bungwe loletsa ciwawa pakati pa acinyamata, limene linakhazikitsidwa pokumbukira malemuwo. Mu January 2010 inagulitsidwa ku Paris pa okushoni, monga agulitsira fodya ku Kanengo, pa mtengo wa ma euro 260,500. Woigula, Peter Mullin wa ku America, sanaikonze; anaionetsa kwa anthu ndi dzimbiri lace lomwe.

Ena adzati mtengowo unacokera m'kusowa kwace, poti panalibe ina ya mbiri yotere. Nzoona, koma kusowa kungokweza ndalama. Sikusandutsa cinthu kukhala cabwino. Pamene galimotoyo inali yonyezimira, inkakondweretsa wokwerapo yekha, ndipo sanapezeke ngakhale woiombola. Itasanduka cigoba cosayenda, ndi pamene inayamba kutumikira ana a eni.

Apa pali funso la munthu ali yense wosunga kanthu ka mtengo wapatali, kaya ndi njinga, kaya ndi ng'ombe, kaya ndi nkhokwe yodzala pamene mnansi agona ndi njala: kanthuko katumikira yani? Cuma cobisika cifanana ndi Bugatti ya m'matope. Ciripo, koma dzimbiri lokha ndilo lidyako. Akuluakulu sananame muja anati kupatsa nkuika.