Nyali za pa Warrane

Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka m'kati mwa Juni, pamene ku Australia kukuzizira monga kumachitira kuno, mzinda wa Sydney umakhala pa chikondwerero cha magetsi chotchedwa Vivid Sydney. Chinayamba mu 2009. Dzuwa likangolowa makina oponya zithunzi amayatsidwa, ndipo makoma a nyumba zikuluzikulu za m'mphepete mwa doko amasanduka chinsalu chojambulapo. Imodzi mwa nyumbazi ndi Museum of Contemporary Art, imene kale inali likulu la oyang'anira doko isanakhale nyumba yosungiramo zaluso mu 1991. Kutsidya kwake kuli Opera House, ndipo pakati pali madzi pomwe zombo zonyamula anthu zimakocheza.

Mu 2023 khoma lonse la nyumbayi linaperekedwa kwa Maree Clarke, mayi wachiaborijini wa kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, amene watha zaka zambiri akudzutsa luso lomwe linatsala pang'ono kufa: mikanda ya bango la mumtsinje ndi zofunda za zikopa za kanyama kotchedwa possum. Mu 2025 linaperekedwa kwa Vincent Namatjira, yemwe anaikapo dingo, galu wam'tchire wa m'dzikolo, atavala zovala za mafumu a ku Mangalande. Ine ndinazionera pa kanema, ndipo sindibisa, mtima unagunda.

Komatu magetsi amenewa si nyali zoyamba kuwala pa madzi aja. Malowo dzina lake lenileni ndi Warrane, dziko la Aaborijini otchedwa Agadigal. Azungu oyamba kufika analemba za amayi omwe ankawedza m'mabwato a makungwa otchedwa nawi, mwana ali pamiyendo, kamoto kakuyaka pa dothi loumbidwa pakati pa bwato. Kamotoko kanali kootha, kounikira ndi kowotchera nsomba. Amene anaimapo usiku pagombe ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, n'kuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mudzi woyandama, sangavutike kuliona dokolo mmene linalili. Mmodzi wa amayi owedza m'mabwato aja anali Barangaroo, mkazi wa Bennelong. Lero mayina awo onse awiri ndi mayina a malo a m'mphepete mwa doko lomweli.

Mu Januwale 1788 zombo 11 za Angerezi, motsogozedwa ndi Arthur Phillip, zinakocheza pomwepo, pafupi kwambiri ndi pamene khoma lija laima. Chaka chotsatira nthomba inasesa eni dziko, mitembo n'kumapezeka m'mapanga ndi m'magombe. Milu ya zigoba za nkhono zam'madzi, yomwe inaunjikana kwa mibadwomibadwo pamene pali Opera House lero, inawotchedwa kuti atengemo laimu womangira mzinda. Choncho Mwaborijini akajambula pa khoma la pa Warrane, akulemba pamalo enieni pomwe kulandidwa kwa dziko lake kunayambira. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amanena kuti zonsezi ndi zokongoletsa chabe zokopera alendo. Mwana wa ku Sydney amene waona mikanda ya bango itakuta nyumba yonse sangakule akuganiza kuti mbiri ya kwawo inayamba ndi zombo.

Nkhawa yanga ili pa mawu amene okonza chikondwererochi amakonda, akuti kufotokoza nthano. Ife tinaleredwa ndi nthano, ndipo timadziwa kuti nthano siyenda yokha. Agogo akati "Padangokhala," ana amayankha "Tili tonse," ndipo mayankho akazilala agogo amaleka, chifukwa adziwa kuti anthu agona. Womvera ali ndi ntchito. Amavomera, amathandiza nyimbo, ndipo mawa akapezeka akuchita zomwe nthano inaletsa amakumbutsidwa. Pa doko paja zithunzi zimayenda mphindi zochepa, kenako n'kuyambiranso. Khamu limakweza mafoni, kujambula, n'kusunthira ku nyumba ina. Khomalo likulankhula, koma palibe chomwe chikupempha woonera kuti avomere.

Palinso nkhani ya zobisika. Zojambula zambiri za Aaborijini si maluwa ongokometsera. Ndi mapu a dziko, njira zomwe makolo akale anadutsa polenga zitsime, mapiri ndi zigwa, ndipo njira iliyonse ili ndi nyimbo zake ndi eni ake. Mu 1971, ku Papunya, m'chipululu cha pakati pa dzikolo, akuluakulu anayamba kujambula nkhanizi pa matabwa, atalimbikitsidwa ndi mphunzitsi Geoffrey Bardon. Sipanapite nthawi, anzawo a madera ena anadandaula kuti zina zomwe zikuonetsedwa si zoyenera maso a aliyense. Ojambulawo anasintha: zina anazisiya, zina anaziphimba ndi madontho. Mchewa safunika kumufotokozera zimenezi. Gule Wamkulu amavinidwa pabwalo anthu onse akuona, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005, koma za kudambwe zimakhala kudambwe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makina oponya zithunzi amafuna zinthu zoyenda ndi zothwanima. Chithunzi chimadulidwa, chimakulitsidwa, chimavinitsidwa ndi akatswiri a kompyuta. Ngati mwini wake sanakhale nawo pogamula chomwe chiyende ndi chomwe chikhale chete, n'zotheka kuvula chinthu chimene anachiveka dala.

Za ndalama ndiye mbiri yake ndi yowawa, ndipo banja la Namatjira likuidziwa bwino. Albert Namatjira, gogo wa kholo la Vincent, anatchuka dziko lonse ndi zithunzi zake za mapiri a pakati pa Australia. Anapatsidwa unzika mu 1957, pa nthawi imene abale ake analibe, ndipo chaka chotsatira anaweruzidwa kuti akakhale m'ndende pa mlandu wopatsa mowa m'bale wake. Anamwalira mu 1959. Mu 1983 ofesi ya boma yoyang'anira chuma chamasiye inagulitsa umwini wa zithunzi zake pa madola 8,500, ndipo banja lake linakhala osalandira kanthu mpaka umwiniwo utabwezedwa mu 2017. Masiku ano vuto lina ndi zinthu zachinyengo. Mu 2019 khoti linalipiritsa kampani ina madola 2.3 miliyoni chifukwa chogulitsa ma boomerang ndi zina zopangidwa ku Indonesia ngati kuti zinapangidwa ndi manja a Aaborijini. Mlendo amene wasangalala ndi khoma usiku, m'mawa amakagula kachikumbutso, ndipo nthawi zambiri ndalama yake sifika kwa amene anamusangalatsa.

Njira yabwino ilipo, ndipo yaonekapo kale. Mu 2022 pa denga la Opera House panaonetsedwa Yarrkalpa, chithunzi chomwe amayi 8 a mtundu wa Martu anajambulira limodzi mu 2013, chosonyeza dziko lozungulira mudzi wa Parnngurr: pomwe amasaka, pomwe atentha udzu kuti msipu uphuke, pomwe pali madzi. Chinabwera ndi mayina a eni ake, kudzera ku Martumili, bungwe la ojambulawo. Nayo Museum of Contemporary Art imasunga zoluka za anthu a ku Maningrida pa mgwirizano woti umwini ukhalebe wa anthuwo, nyumbayo ikhale msungi chabe. Ndipo kuyambira mu 2017 pali Badu Gili, kutanthauza kuwala kwa pamadzi m'chilankhulo cha Agadigal, zithunzi za Aaborijini zomwe zimayatsidwa pa Opera House madzulo, chikondwerero chilipo kapena palibe. Chimenechi ndiye chimandikhutiritsa koposa, chifukwa mlendo amaitanidwa pa tsiku la phwando, koma mwini mudzi amaoneka tsiku lililonse.

Komabe sindingathe kuiwala kalendala ya 2023. Mu Meyi ndi Juni chaka chimenecho, anthu oposa 3 miliyoni anapita ku Vivid Sydney, ndipo ambiri anaima kutsogolo kwa mikanda ya Maree Clarke. Pa 14 Okutobala dziko lonse linafunsidwa pa riferendamu ngati Aaborijini ndi anthu a m'zilumba za Torres Strait angakhale ndi bungwe lolembedwa m'malamulo aakulu a dziko, longopereka maganizo ku nyumba ya malamulo pa nkhani zowakhudza. Pafupifupi ovota 60 mwa 100 alionse anakana. Ndikudziwa kuti zifukwa zinali zambiri, kuti ngakhale Aaborijini ena anakana poona kuti n'zochepa, ndiponso kuti madera a pakati pa Sydney anali m'gulu la ovomera. Koma Aaborijini ndi anthu a m'zilumbazo sakwana 4 mwa 100 alionse a m'dzikolo, pamene m'ndende ndi pafupifupi mkaidi mmodzi mwa atatu alionse. Zojambula zawo dziko limazikweza pamwamba penipeni, pa nyumba zake zonyaditsa, koma atapempha kuti mawu awo azimveka, yankho linali lakuti ayi. Kwa ine apa ndi pamene "Tili tonse" anafunika, ndipo sanamveke.

Mtunda wochepa kuchokera pa khoma lija, pansi pa mlatho waukulu wa Sydney, pali malo otchedwa Dawes Point. Pamenepo, cha mu 1790 ndi 1791, mtsikana wina dzina lake Patyegarang ankacheza ndi msilikali wachingerezi William Dawes, amene ankalemba m'timabuku mawu a chilankhulo cha mtsikanayo. Timabukuto tinakapezeka ku London mu 1972, ndipo lero ndi chimodzi mwa zitsime zomwe ofuna kudzutsa chilankhulo cha ku Sydney amatungako. Momwemo muli tsiku limene Dawes anafunsa chifukwa chomwe anthu akwawo kwa Patyegarang anali okwiya. Mtsikanayo anamuyankha kuti ndi chifukwa azungu akhazikika pa dziko lawo. Atamufunsanso chimene ankaopa, anatchula mfuti.