Kalata ndi Envulopu Yake: Mfundo Zofunika

Pa 8 December 2020, mumzinda wa Coventry ku England, anthu anayamba kulandira katemera wa COVID-19 wa Pfizer-BioNTech. M'kadontho ka katemerayu muli zambiri zoti tisinkhesinkhe limodzi.

1. Uthenga wabwino umafunika chokutira. Katemerayu ali ndi mRNA, kalata yopita ku maselo athu. Imawauza kupanga puloteni yofanana ndi ya kunja kwa kachilombo, kuti chitetezo cha m'thupi chimudziwiretu mdani asanabwere. Koma kalatayi ndi yosalimba, ndipo ikalowa m'thupi yokhayokha imawonongeka isanafike. Asayansi monga Pieter Cullis wa ku Vancouver anatha zaka zambiri akukonza timipira tamafuta toikutiramo, tating'onoting'ono moti tingafunike mazanamazana kuti tifike pa kukula kwa tsitsi limodzi. Nanga ife, uphungu wathu timaukuta ndi chiyani? Mawu oona tikawaponya mwaukali, mwana amangomva ukaliwo basi.

2. Pakhomo pa eni timayamba ndi odi. Poyamba thupi linkaona mRNA yopangidwa mu labu ngati wakuba, n'kuyamba kutupa. Mu 2005, Katalin Karikó ndi Drew Weissman anasonyeza kuti kusintha kachilembo kamodzi ka kalatayo, uridine, kumachititsa thupi kuilandira mwamtendere. Uthenga sunasinthe, chinasintha n'kafikidwe.

3. Kutsitsidwa si kuthera pomwepo. Pa mfundo iyi mtima wanga umakhalitsa. Karikó, mwana wa wogulitsa nyama wa ku Hungary, anasamukira ku America mu 1985, ndalama za banja atazibisa m'chidole cha mwana wake. Mu 1995 anamutsitsa paudindo ku University of Pennsylvania chifukwa kafukufuku wake sankapeza thandizo la ndalama. Ndi angati a ife tikanapitiriza kulawirira ku labu titachititsidwa manyazi chotero? Iye anapitiriza, osati pofuna kubwezera, koma poti ankakhulupirira ntchito ya manja ake. Mphotho ya Nobel inadza mu 2023 kwa iye ndi Weissman, patapita zaka 28.

4. Chosalimba chimadalira onyamula okhulupirika. Poyamba katemerayu ankasungidwa pa madigiri pafupifupi 70 kunsi kwa ziro. Tiganizire woyendetsa galimoto amene sanazimitse firiji panjira, ndi namwino amene ankayang'ana kuzizira kwa bokosi usiku, palibe womuona. Kodi mayina awo timawadziwa?