Womasulidwa Ndiye Mbale Wanu

Inu okondedwa amene mukukonzekera Ubatizo, mverani bwino phunziro ili.

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, amkhalapakati ali Dom Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, ndi akristu a Sant'Egidio. Nkhondo ya abale okhaokha inatha. Mwa anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi, ena anabwerera podzera malire a Mandimba, nalowera ku Ngauma ndi ku Cuamba. Enanso anaturuka m'thengo: amuna osenzetsedwa akatundu mokakamiza, atsikana ogwidwa ukapolo, anyamata ogwiritsidwa mfuti asanamere ndevu.

Koma kucotsa goli m'khosi mwa munthu ndi ciyambi cabe. Ku America nkhondo yotereyi inatha mu 1865, ndipo akapolo pafupifupi mamiliyoni 4 anamasulidwa. Ambiri sanalandire munda, nabwerera kukalimira ambuye ao akale. Ufulu wakusankha atsogoleri, umene amuna ao anapatsidwa mu 1870, unalandidwanso m'zigawo zakumwera kufikira lamulo la 1965. Mfulu yopanda munda, yopanda mau pabwalo, ikali kapolo.

Kumbukirani Onesimo, kapolo wothawa kwa Filemoni. Paulo Woyera anambatiza m'ndende, nambweza kwa mbuye wace, nampempha amlandire monga mbale weniweni, nalonjeza kulipira yekha mangawa ace onse. Ndimo mmene Kristu anaticitira ife pamtanda.

Tsono funsani mtima wanu. Kodi simulima munda wa banja limene linathawa nkhondo? Lamulo la nthaka la 1997 livomereza mwambo wa makolo ndi umboni wa anansi: nenani zoona pamaso pa mfumu, bwezani ca mwini. Kodi mwana wobadwira m'thengo, amene lero ali ndi banja lace, mumamuchulabe dzina lonyoza? Lekani. Kodi mai amene anagwidwa ali mtsikana ali ndi malo pamphasa ya Limana lanu? Mpatseni, ndipo polankhula iye, khalani cete mumve.

Madzi a Ubatizo adzakumasulani ku ukapolo wa macimo. Musadzafike nao pacitsime copatulikaco manja amene akumangabe mnzanu.

Ambuye Yesu, Momboli wathu, lumikizani dziko lathu la Moçambique, ndipo mutiphunzitse kulandira omasulidwa anu. Amen.