Mphika Unasweka Kapena Unaswedwa? Za Kuchotsa Mphunzitsi Timu Ikamagonja

Pa 19 Novembala 2018, akuluakulu a St. Louis Blues, imodzi mwa matimu a hockey wa pa madzi oundana ku America, anachotsa ntchito mphunzitsi wawo Mike Yeo chifukwa timuyo inkangogonja. Mpando wake anaupereka kwa womuthandiza, Craig Berube, kuti augwirizire. Zinthu sizinasinthe msanga ayi. Kumayambiriro kwa Januwale 2019 Blues inali kumchira kwenikweni kwa matimu onse 31 a mu ligi ya NHL. Koma pa 12 Juni chaka chomwecho timu yomweyo inagonjetsa Boston Bruins n'kutenga chikho cha Stanley Cup, koyamba chiyambire kusewera mu 1967. Berube anaimbidwa ngati mpulumutsi. Mu Disembala 2023 munthu yemweyo, ali ndi mutu womwewo, anachotsedwa pa chifukwa chomwe chinachotsetsa Yeo.

Masewerowa ndi achilendo kwa ambiri a ife, koma mwambo wakewo tikuudziwa. Gulu likalephera, pamafunika munthu mmodzi woti alongedze katundu. Funso langa n'lakuti: kodi pochita zimenezi timakhala tikuweruza mlandu, kapena tikupereka nsembe?

Ndiyambire pa chiyankhulo, poti ndiye munda wanga. Chichewa chili ndi njira zitatu zonenera tsoka la mphika. Tikhoza kunena kuti mwana waswa mphika. Tikhoza kunena kuti mphika waswedwa, ndipo womva ali ndi ufulu wofunsa kuti, waswedwa ndi yani? Tikhozanso kunena kuti mphika wasweka, ndipo apa funso lija limasowa pokhala. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analongosola kusiyana kumeneku mu 1996, ndipo Sam Mchombo anakuunikanso m'buku lake la 2004 la kalumikizidwe ka mawu m'Chichewa. Msintho wa -idw- umasiya khomo lotsekula kuti wochitayo alowe nthawi iliyonse. Msintho wa -ik- kapena -ek- umalola mvula ndi mphepo, monga tikati khoma lagumuka ndi mvula, koma umakana munthu wochita dala. Sitinganene kuti mphika wasweka mwadala. Mabuku a kusukulu amautcha msinthowu wochitidwa m'chibisira, ngati kuti nthawi zonse pali wina amene wabisala kuseri kwa mneni. Dzinali ndimalikayikira. Nthawi zina pamakhaladi wobisala, koma nthawi zinanso kuseriko kulibe munthu. Pali dothi losaumbika bwino, moto wosakwanira, ndi zaka zambiri za pamafuwa.

Kugonja kwa timu kawirikawiri kumakhala kwa mtundu wachitatuwu. Wosewera wodalirika wavulala, wina wakalamba, ndalama zachepa, mpira wagunda mtengo wa golo katatu m'mwezi umodzi. Koma mtima wa munthu sukhutira ndi chiganizo chopanda wochita. Ochemerera samati timu yasokonekera. Amati kochi watiluzitsa, ndipo kamsintho kochititsa ka -its- kamagwira ntchito ya bwalo lonse la milandu: kapeza wolakwa, kamutchula, katsala n'kumulanga. Kuchotsa mphunzitsi ndi njira yosandutsira kusweka kuti kukhale kuswedwa.

Wina adzati, nanga si zimathandiza? Blues ija si inatenga chikho? Apa tiyenera kusamala. Timu imachotsa mphunzitsi pamene yafika pansi penipeni, ndipo kuchokera pamenepo njira imene yatsala nthawi zambiri ndi yokwera, kaya mphunzitsi asinthidwe kaya asasinthidwe. Francis Galton anafotokoza mu 1886 kuti chinthu chimene chapitirira muyeso chimakonda kubwerera chapakati. Zili ngati wodwala chimfine amene wapita kwa sing'anga tsiku lomwe matenda afika pachimake: mawa lake akapeza bwino, ulemu wonse upita kwa mzu umene anatafuna. Ku St. Louis, Berube anakhala milungu isanu ndi umodzi timu ikuvutikabe. Kusintha kunaoneka mu Januwale, pamene mnyamata wina amene sankawerengedwa kwenikweni, Jordan Binnington, anayamba kutchinga pagolo. Sindikunena kuti Berube sanachite kanthu. Ndikunena kuti sitingathe kulekanitsa dzanja lake ndi manja a ena, ndipo amene amamutamanda mu 2019 ndi amene amamunyoza mu 2023 onse ankalankhula motsimikiza kuposa mmene umboni unkalolera.

Kwathu kuno kum'mwera kwa Africa, nkhani ya hockey imene imakumbukika ndi ya ku Zimbabwe, ndipo imaonetsa funso lomweli chakumbuyo. Mu 1980 mayiko ambiri ananyanyala masewero a Olympics a ku Moscow chifukwa asilikali a Soviet Union anali atalowa m'dziko la Afghanistan. Mpikisano wa hockey ya amayi, umene unkachitika koyamba, unatsala ndi timu ya eni bwalo yokha. Zimbabwe, imene inali itangolandira ufulu pa 18 Epulo, inaitanidwa kutangotsala milungu yochepa. Amayi 16 anasankhidwa mothamanga, onse azungu, Anthea Stewart ali mphunzitsi komanso wosewera, Ann Grant ali mtsogoleri wa osewera. Anali asanasewerepo pa udzu wochita kupanga. Anagonjetsa Poland 4-0, anafanana mphamvu ndi Czechoslovakia ndi India, anagonjetsa eni bwalo 2-0, ndipo pa 31 Julayi anagonjetsa Austria 4-1 n'kutenga mendulo ya golide. Atabwerera kwawo analonjezedwa ng'ombe aliyense, koma chimene chinafika m'manja mwawo ndi kaphukusi ka nyama.

Palibe amene angawalande amayiwa ulemu wawo, pakuti anasewera ndipo anapambana. Koma chipambanocho chinadza ndi mphepo ya ndale za dziko lapansi imene palibe mphunzitsi akanaikonza. Ndipo zimene zinatsatira nazonso zilibe mwini mmodzi. Zimbabwe inadikira mpaka 2004 kuti Kirsty Coventry aibweretsere mendulo ina ya Olympics, pa kusambira. Timu ya hockey ya amayi sinabwererenso ku masewerowo. Mabwalo a Magamba ku Harare ndi Khumalo ku Bulawayo anamangidwira masewero a All-Africa Games a 1995, koma la Magamba linadzasiyidwa mpaka kuwonongeka. Atsikana a zaka zosapitirira 21 anafikako ku mpikisano wa dziko lonse ku Santiago mu 2016, umboni wakuti luso silinathe. Nanga pa zaka zonsezi tichotse yani? Ukachotsa mphunzitsi, bwalo lakutha lija silimera udzu watsopano.

Hockey ya ku Zimbabwe inkamera m'masukulu olipira ndalama zambiri ndi m'makalabu a azungu, kuphatikizapo a m'madera a mapulazi a Mashonaland. Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza anthu oyankhula chiyankhulo chathu. Ku Raffingora, m'boma la Zvimba, chakumpoto kwa Banket, monganso m'madera ena a fodya ndi chimanga, ambiri mwa ogwira ntchito m'mapulazi anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, pamodzi ndi ana ndi adzukulu awo. Ena anabwera ndi Mthandizi, ena anayenda pa selefu, ndipo ambiri anatchona. M'makomboni mwawo munkamveka Chinyanja, ndipo gule wamkulu ankatuluka. Chuma chimene chinkalipirira ana a eni mapulazi sukulu zokhala ndi mabwalo obiriwira chinkachokera m'fodya amene manja awa ankabzala, kuthyola ndi kuwamba. Ana a m'komboni ankamenya mpira wachikulunga. Ndodo ya hockey sinali yawo.

Pa pulazi panali munthu amene udindo wake umafanana kwambiri ndi wa mphunzitsi wa timu. Ku Malawi timamutcha kapitawo, mawu amene tinabwereka ku Chipwitikizi. Kutsidya kwa Zambezi ambiri ankati foromani. Mphamvu zake zinali zobwereka. Sankasankha mbewu, sankaika malipiro, sankagula feteleza, koma ndiye ankaima pamzere m'mawa kugawa ntchito. Fodya akapsa m'balani, bwana ankayang'ana iye. Malipiro akachedwa, antchito ankatukwana iye, poti ndiye anali pafupi. Kuchotsa kapitawo kunali kotsika mtengo kwa aliyense: bwana waoneka kuti wachitapo kanthu, antchito apumako mkwiyo, ndipo kayendetsedwe ka pulazi katsala chimodzimodzi. Buku la Levitiko, mutu 16, limanena za mbuzi imene ankaisenzetsa machimo a mtundu wonse n'kuipirikitsira kuchipululu, ndipo René Girard anatha zaka zambiri akuonetsa kuti magulu a anthu amapeza mtendere mwa njira imeneyi. Chimene ndimaonjezerapo n'chakuti mbuziyo siisankhidwa mwachisawawa. Imakhala yooneka mokwanira kuti anthu akhutire, komanso yopanda mphamvu mokwanira kuti isabweze.

Taonani ku St. Louis komwe kuja. Doug Armstrong anakhala mkulu woyendetsa timu kuyambira 2010. Ndiye ankagula ndi kugulitsa osewera, ndiyenso ankalemba aphunzitsi. Pakati pa 2011 ndi 2024 anachotsa asanu: Davis Payne, Ken Hitchcock, Yeo, Berube ndi Drew Bannister. Wochotsa aphunzitsi asanu amene anawaona kuti sakuyenera, iye anakhalabe pampando zaka zonsezo.

Komatu nkhaniyi siithera pomvera chisoni mphunzitsi. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo sankaseka. Munthu amene wavomera mpando, malipiro ake ndi nthungululu za tsiku lachipambano, wavomeranso kuyankha pa zinthu zimene sanachite ndi manja ake. Bernard Williams, polemba mu 1976 za mwayi ndi tsoka m'makhalidwe a munthu, anapereka chitsanzo cha woyendetsa lole amene wagunda mwana popanda kulakwa kwake. Tonse timamuuza kuti si iwe, koma akanati angogwedeza mapewa n'kupitiriza ulendo, tikanamuona ngati chilombo. Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Pali mlandu, umene umafuna umboni wakuti wachita. Pali udindo, umene umangofuna kuti unali pamenepo ngati mutu. Nyakwawa imayankha za maliro a m'mudzi mwake ngakhale sinaphe munthu. Kotero mphunzitsi akhoza kuchoka chifukwa cha udindo, makamaka pamene osewera aleka kumva mawu ake, pakuti utsogoleri wopanda omvera watha kale. Choipa chimabwera pamene kuchoka kwa udindo kwalengezedwa ngati chigamulo cha mlandu, ndiponso pamene wolengezayo wadziika yekha kunja kwa lamulo limene akuweruzira mnzake.

A Malawi tinaziona izi pa mpira wamiyendo. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Mario Marinica, amene anali ataikidwa pamwamba pa Meck Mwase, anadwala Covid-19, ndipo Mwase ndiye anali pabenchi pamene Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Chipambano chimenecho ndicho chinatsekula njira yoti timu idutse gawo la magulu koyamba m'mbiri yake. Chaka chomwecho Mwase anachotsedwa, ndipo mu 2023 Marinica naye anapita. Apa munthu sangathe n'komwe kunena kuti Mwase anasenza kugonja. Anasenza chisankho chimene ena anali atapanga kale.

Tsono pali ena amene timawaiwala tikamakangana za mitu: iwo amene ali pansi pa mutuwo. Kuyambira mu 2000, mapulazi a Mashonaland anasintha eni. Kuti kagawidwe ka nthaka kochokera ku lamulo la Land Apportionment Act la 1930 kanali kosalungama, palibe munthu woona angakane. Kumeneku kunali kusintha kwa pamwamba penipeni, kumene ochemerera mpira amakulakalaka koma sakuona: mwini timu ndiye anachoka. Koma ogwira ntchito aja, amene sanalande nthaka ya munthu, ochepa okha ndiwo analandira minda. Ambiri anataya ntchito, ena anataya ndi nyumba za m'komboni, pamodzi ndi sukulu ndi zipatala zazing'ono za pa pulazi. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira ku Zimbabwe konko kwa makolo ochokera kunja anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ambiri a iwo anali asanapondemo, ndipo amene sanathe kutero anapezeka opanda dziko. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, ngakhale kupeza zitupa kunapitirira kuvuta ambiri.

Berube atachotsedwa mu Disembala 2023, pofika Meyi 2024 anali atalembedwa ntchito ndi Toronto Maple Leafs. Aphunzitsi a m'maligi olemera amagwera pa mphasa yofewa, ndipo mwina n'chifukwa chake mwambowu umapitirira popanda wodandaula kwambiri. Kapitawo wa ku Raffingora ndi gulu lake analibe timu ina yowadikira. Ndikamacheza ndi okalamba a m'makomboni akale, ndimatchera khutu ku aneni awo. Za pulazi amati linatengedwa, ndipo ena amatha kutchula amene analitenga. Akafika pa za iwo eni amasintha msintho. Amati ntchito inatha, banja linabalalika, zitupa zinasokonekera.